Buku la nkongole la pa taveni

Kuno ku Matero, munthu akamakulondolerani njira amayambira pa taveni. Ngakhale abusa amatero. Nyumbayo payokha si yoti n'kuijambula: malata a dzimbiri, mabenchi a simenti osalala chifukwa chokhalidwa zaka zambirimbiri, ndi chimbudzi chimene mphuno imachipeza maso asanachione. Ife obadwa m'ma 1990 timaidutsa mofulumira popita kumene kuli DJ ndi Mosi wozizira. Timati ndi malo a madala.

Amene anamanga malo otere sanachite chifukwa chotikonda. Matero anamangidwa kuchiyambi kwa ma 1950 kuti mukhale anchito achikuda, ndipo nthawi imeneyo amayi sanali kuloledwa kufulula ndi kugulitsa mowa momasuka m'tauni. Malonda amenewo anali a khonsolo. Munthu amalandira malipiro, n'kukawasiya ku biyaholo, ndipo phindu lake ndilo linali kulipirira tinthu tochepa timene atsamunda anali kuchitira makomboni. Agogo athu anali kudzilipirira okha chitukuko ndi pakhosi. N'chifukwa chake a African National Congress ya Harry Nkumbula anafika pouza anthu kuti anyanyale mabiyaholo. Ufulu unabwera mu 1964, mbendera inasintha, koma mabenchi anakhala omwewo.

Dzina la Chibuku akuti linachokera ku buku limene Max Heinrich, amene anayamba kufulula mowawu ku Migodi, anali kulembamo za kafululidwe kake. Taveni yathu nayo ili ndi chibuku chake, cha nkongole. Ndi mabuku a chikuto cholimba omangidwa pamodzi ndi mphira, ndipo amayi a pa kaunta amawasunga kuposa mmene ena amasungira chitupa cha nyumba.

Mukafuna mbiri ya komboni ino, ili mmenemo. Masamba a kumapeto kwa 1994 ndi a 1995 ndi odzaza mpaka m'mphepete, chifukwa Zambia Airways inatsekedwa, UBZ inatsatira, ndipo amuna amene anali kulipira tsiku la malipiro lisanathe anayamba kunena kuti "lembani, mayi". Mu January 2013 manambala akuchepa mwadzidzidzi, osati chifukwa anthu analapa, koma kwacha inataya maziro atatu. Pa 12 February 2012 palibe chimene chinalembedwa. Stoppila Sunzu atamwetsa penoti ija ku Libreville, aliyense anagulira mnzake, ndipo amene analibe ndalama anamwa chabe. Kuyambira March 2020 pali mpata wa miyezi, pamene boma linatseka mabala chifukwa cha korona. Madala ena amene maina awo ali patsogolo pa mpatawo sapezekanso kuseri kwake.

Bukuli lili ndi lamulo lake, limene palibe analilemba. Munthu akamwalira, nkongole yake imakhwatchidwa ndi mzere umodzi, ndipo palibe amapita kukavutitsa wamasiye. Kenaka amatembenuza buku, kumasamba akumbuyo, n'kuyamba kulemba zopereka za maliro: uyu K20, uyu thumba la makala, uyu galimoto yopita ku Chingwere. Anthu omwewo amene dzulo anatukwanizana chifukwa cha nsolo ndiwo amanyamula bokosi.

Tisakometse zinthu mopitirira. Ambiri a ife tikukumbukira amayi athu ataima pageti pa mapeto a mwezi, chitenje chomangidwa zolimba, kudikira kuti alande ya unga isanathe yonse. Ena a ife tinabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi imene inamwedwa pa benchi yachitatu kuchokera kukhomo. Mzere uliwonse m'bukumo unali ndiwo zimene sizinafike pambale ya mwana. Komabe pamene tujilijili tunali kugwetsa anzathu m'ngalande, boma lisanatuletse mu 2012, sitinali kutugula pa taveni. Pamenepo mwana wasukulu akangolowa, amathamangitsidwa ndi madala asanu nthawi imodzi, ndipo nkhani imafika kunyumba iye asanafike.

Manje theka la bwalo analidula n'kumangapo shopu ya kubetcha. Pamene panali ogulitsa michopo pali kantemba ka mobile money. Madala akuchepa chaka ndi chaka, ndipo ife sitikulowa m'malo mwawo. Tikasowa ndalama timakongola pa foni, kumene chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa nthawi yomweyo, ndipo foni sifunsa ngati kunyumba kwagwa maliro.

Wachinyamata akayesa mwayi pa kaunta paja kuti amulembe, amayi aja sakana ndipo savomera. Amavala magalasi, n'kufunsa kuti, "Ndiwe mwana wa ndani iwe?" Akamva dzina amamasula mphira, n'kuyamba kufufuza m'mabuku akale, tsamba ndi tsamba, kuti aone ngati atate ake anali kulipira.