Tsiku limodzi ku Tete

Amuna anga atanena kuti chikumbutso cha chaka chathu choyamba m'banja tikachitire kunja kwa dziko, maganizo anga anathamangira ku diresi yoti ndikavale. Kenako anatchula malo ake: Tete. Ndinaseka poyesa kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke.

Mundimvetse. Ife timakhala pa Mwanza boma, ndipo kwa munthu wa pa Mwanza, Tete si kunja kwenikweni. Ndi njira ya mathiraki opita ku Harare ndi ku Joni, ndi kumene amayi a geni amakapikula katundu n'kubwerako tsiku lomwelo. Anzanga amene ndinali nawo ku yunivesite amaika pa sitetasi zithunzi za ku Cape Town, Zanzibar, ena mpaka Dubai. Ndiye ine ndikalembe kuti "moni kuchokera ku Tete"? Komanso ntchito yanga ndi yolembera mabizinesi timauthenga ta pa Facebook ndi Instagram. Ndimadziwa chithunzi chimene chimaimitsa chala cha munthu, ndi chimene amangochidutsa.

"Thumba lathu likufika pamenepo," anatero. "Komanso pali chinthu chimene ndikufuna tikaone."

Sindinafunse kuti ndi chiyani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo tsikulo ndinalidyadi.

Tinanyamuka Loweruka lina kumapeto kwa Ogasiti, kukadali kachisisira. M'chikwama munali mapasipoti athu, mabotolo awiri a madzi, pawabanki, ndi manachesi asanu ndi limodzi, omaliza a nyengoyi, amene apongozi anga anatipatsira usiku wake. Pachipata cha Mwanza anatidindira msangamsanga. Mmalawi safunika viza kuti akacheze ku Mozambique, pasipoti yokha ikwanira. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti ukadinditsa kuno sunafike. Pakati pa chipata chathu ndi cha Zobue pali kamtunda ndithu, ndiye tinakwera njinga zamoto. Ku Zobue tinasintha makwacha kukhala mametikali, ine ndikuwerenga kawiri konse chifukwa anyamata osintha ndalama ali ndi zala zothamanga.

Minibasi kumeneko amazitcha chapa. Dzina ndi losiyana koma kathinidwe kake ndi komweko, anayianayi pampando, thumba la wina pamiyendo pako. Titangochoka pa Zobue netiweki ya foni yanga inayamba kuzimirira, mpaka inatheratu. Ndinamva ngati ndaiwala nsapato kunyumba.

Msewu wa ku Tete ndi wa makilomita opitirira 100, ndipo umangotsika. Mapiri a kwathu amatsala m'mbuyo, mitengo imafupika, kenako milambe imayamba kuoneka uku ndi uku, mbuzi zitabisala pansi pake. Mphepo yolowa pawindo inasiya kuziziritsa. Pa Moatize tinaona milu yakuda ya malasha ndi mabogi a sitima atandandalika. Amuna anga anandikodola.

"Sitima ija imadutsa kwathu pa ulendo wa ku Nacala imanyamukira pano."

Ndinangoti "oho", maso ali pa foni, ndikufufuza kanetiweki kamene kanalibe.

Tinatsika tsidya lino la Zambezi kuti mlatho tiuwoloke wapansi. Apa ndivomere: mlatho wa Samora Machel ndi wokongola. Ndi wolenjekeka pa zingwe zachitsulo, wautali mamita opitirira 700, ndipo unamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Apwitikizi asanachoke mu 1975. Kuyambira 2014 mathiraki olemera amadzera mlatho watsopano wa Kassuende cha kumunsi, choncho pa wakalewu pamadutsa magalimoto ang'onoang'ono, njinga ndi anthu apansi. Galimoto ikamadutsa umamva pansi pakunjenjemera pang'ono. Kunsi kwake Zambezi ali phee, wotambalala moti Shire wathu amaoneka mwana. Ndipo ndi mwanadi, poti madzi a Shire amakathira mu Zambezi yemweyu kumunsi kwa Tete.

Koma zonsezi ndikuzikumbukira lero. Nthawi imeneyo ndinkangoona malo ojambulirapo. Ndinawapatsa foni amuna anga, n'kuima motsamira chitsulo, nkhope kumbali. Chithunzi choyamba anadula mapazi. Chachiwiri chinapendekeka. Chachisanu ndinatsinzina. Pofika chakhumi ndinaona kuti munthuyu sakuyang'ana n'komwe pa foni. Maso ake anali kumunsi, kugombe kumene amayi ena ankachapa. Thukuta linali litayamba kutsuka zodzoladzola zanga, ndipo foni inalemba kuti yatentha kwambiri, kamera siyigwira ntchito mpaka izizire.

"Mwandibweretsa kuno kuti ndidzapse ndi dzuwa, chithunzi chimodzi chokha chikukukanikani?" ndinatero. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma pakamwa panapitiriza: "Amuna a anzanga amawatengera akazi awo malo ooneka."

Sanayankhe. Anandibwezera foni ndi manja awiri ngati akupereka kwa mlendo, n'kuyamba kuyenda. Mlatho wonse wotsalawo tinauwoloka wina patsogolo wina pambuyo.

Mumzinda tinazungulira ngati anthu amene angokumana m'basi. Tinaona tchalitchi chakale cha nthawi ya Apwitikizi, ndi nyumba za makonde aatali zimene penti yake inasuluka kalekale. Tete ndi mzinda wakale kuposa Blantyre ndi zaka mazana. David Livingstone anafikapo mu 1856 pa ulendo wake wotsika ndi Zambezi, ndipo anapeza tauni ilipo kale. Tinagula buledi wawo uja amati pão, wolimba kunja, wofewa m'kati, aliyense n'kudya wake chamumtima. Zikwangwani zonse zinali m'Chipwitikizi. Ine ndi digiri yanga ndinasanduka mwana wa sitandade wani. Chingerezi chimene ndimanyadira kuntchito sichinandigulire ngakhale madzi ozizira.

Pamsika ndinaima pa benchi ya mayi wina wachikulire amene ankagulitsa nsomba zouma ndi masawu. Ndinayesa mawu awiri amene ndinaloweza usiku: "Quanto custa?" Anandiyankha liwiro, sindinatolepo kanthu. Ndinaloza, ndinawerenga zala, mayiyo n'kumangoseka. Ndiye kumbuyo kwanga ndinamva mawu amene ndimawadziwa akulankhula chilankhulo chimene sindinawamvepo nacho.

"Muli tani, mai?"

Mayi uja anatukula mutu. Anayankha, amuna anga n'kubweza, ndipo zinayambika. Ankalankhula Chinyungwe. Poyamba ankakakamira ngati njinga yokhalitsa m'nyumba, kenako mawu anayamba kutsetsereka okha. Chinyungwe ndi chachibale ndi Chichewa, ndiye ndinkatolako apa ndi apo: mayi, nkhondo, Zobue, Malawi. Mayiyo anasiya nsomba, anapukuta manja pa chitenje, n'kugwira dzanja la amuna anga osalisiya. Ine ndinaima pambali ndi foni yanga yotentha. Munthu amene ndagona naye nyumba imodzi chaka chathunthu, kuphatikiza zaka zitatu za chibwenzi, anali ndi chilankhulo chonse m'kamwa mwake ine osadziwa.

Tinakakhala pa kamalo kena kodyera pafupi ndi mtsinje. Anatibweretsera nsima ndi nyama yambuzi yootcha, imene Tete amatchuka nayo. Mpaka titasamba m'manja palibe analankhula. Ndinayamba ndine.

"Bwanji simunandiuzepo?"

"Munafunsapo?"

Sanafunse mokalipa, koma linandilowa. Zoti apongozi anga anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo ndinkazidziwa, monga mmene umadziwira mwezi wobadwa wa munthu. Ku Mwanza nkhani yotere si yachilendo. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Malawi inkasunga anthu othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo maboma a m'malire ngati lathu ndiwo anawalandira. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo. Ena anatsala chifukwa anali atakwatiwa kapena kukwatira kuno. Zimenezi ndinaziphunzira m'kalasi n'kukhoza mayeso. Koma sindinakhalepo pa mkeka ndi mayi amene anandibalira mwamuna n'kuwafunsa kuti, "Amayi, munayenda bwanji?"

Anandifotokozera pang'onopang'ono, nsima ikuzizira. Amayi anawoloka malire mu 1986 ali mtsikana wa zaka 14, wapansi, pamodzi ndi amayi awo. Bambo awo anatsalira kuti adzabwera pambuyo. Sanafike. Chinyungwe amuna anga anachiphunzira kwa agogo awowo, amene anakhala nawo mpaka kumwalira. Ali ku pulayimale anzawo ankawaseka akalankhula, kuwatcha mayina, ndiye anachitsekera m'nyumba. Agogo atapita, chinatsekeredwa ndi m'nyumbamo.

"Nanga mlatho?" ndinafunsa.

"Amayi ali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu, bambo awo anawatenga kudzaona mlathowu. Anawoloka wapansi atawagwira dzanja, n'kuwagulira buledi tsidya lino. Ndi ulendo wokhawo umene anayenda awiriwiri. Ndawapempha kangapo kuti tibwere, amakana. Amati ndikaone ndani. Koma nditawauza kuti tikubwera kuno, anati mukandionere ngati mlatho uja ulipobe."

Ndinayang'ana mbale yanga. Pamlatho paja munthu ankafunafuna pamene mayi ake anaima ali kamwana, ine ndikulimbana ndi mapazi odulidwa pa chithunzi. Kupepesa kwa m'banja kulibe mawu ambiri. Ndinati, "Pepani, ndinalankhula zopusa." Anati, "Idyani, nyama ikuuma." Kenako anandisankhira nthuli yabwino n'kuyiika mbali yanga.

Titatha kudya tinabwerera kumsika, ndipo ganizo limeneli linali langa. Foni inali itazizira. Ndinapempha amuna anga kuti awafunse mayi aja ngati angalole kuwapatsa moni apongozi anga pa foni. Analola mosavuta. Anakonza mpango wawo ngakhale ndinawauza kuti ndikujambula mawu okha, n'kulankhula kwa mphindi ziwiri zathunthu, kuseka pakati, kutchula mayina a midzi. Tinagula nsomba ndi masawu, ndipo ndinawapatsa manachesi anayi amene anatsala. Anawanunkhiza n'kunena kuti, "Mwanza!" Mawu amenewo sanafune womasulira.

Pobwerera tinawolokanso mlatho wapansi, dzuwa litapendeka. Ulendo uno ndinajambula vidiyo, koma ine mulibemo. Muli zingwe, zitsulo, madzi, bwato la msodzi, ndi phokoso la mapazi athu kuyambira tsidya lina mpaka linzake. Amuna anga ankatchula zimene tikuona m'Chinyungwe, ine n'kumabwereza molakwitsa, iwo n'kumaseka. Tinafika pa Zobue kukuda, fumbi lili mpaka m'nsidze. Netiweki itabwerera mauthenga analowa motsatizana, wina wa mnzanga wofunsa kuti zithunzi zili kuti. Ndinaika foni m'chikwama.

M'mawa mwake titachoka ku tchalitchi tinapita kwa apongozi. Tinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Ndinagwada, ndinapereka nsomba ndi masawu, kenako ndinawapatsa foni.

"Amayi, takubweretserani mlatho wanu."

Anaonera vidiyo yonse osanena kanthu. Itatha anati ndiyibwereze. Kachitatu anaika chala pa galasi, pafupi ndi chipilala chachiwiri.

"Apa ndinaopa, ndinakana kuyenda. Anandinyamula."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Koma unali waukulu kuposa apa."

Nditawatsegulira mawu a mayi a kumsika aja, anayamba kuyankha foniyo ngati munthu ali pakhomo, kuvomera, kufunsa, kuseka. Sindinawamvepo akulankhula mokweza chotero. Mwana wawo anakhala pa njerwa chapatali, akuyang'ana pansi. Ine ndinatenga lichero n'kupitiriza kusankha nyemba zija, kuti manja akhale ndi chochita.

Pa sitetasi sindinaike kanthu tsiku limenelo. Zithunzi khumi za pamlatho zija zikadali mu foni, ndipo sindinazifufute, kuti zizindikumbutsa nkhope imene ndinali nayo. Masiku ano Lamlungu lililonse madzulo ndimapita kwa apongozi ndi kope, amandiphunzitsa mawu asanu a Chinyungwe, ine n'kumawafunsa mafunso amene ndinayenera kufunsa kalekale. Ena amayankha, ena amati tidzakamba tsiku lina.

Sabata yatha, ndikutsanzika, anandiperekeza mpaka pa msewu, zimene sachitachita. Tili pafupi kusiyana anandigwira pamkono.

"Mwanangu, pasipoti ija imatenga masiku angati kuti ituluke?"

Tayamba kale kusunga ndalama zake.