Mwana Ayambe Waphunzira Kugwa

Mwana akapita tsiku loyamba kukaphunzira judo, mumtima mwake amakhala ataona kale m'mene adzanyamulire mnzake ndi kum'menyetsa pansi monga amachitira anthu a m'kanema. Koma mphunzitsi wodziŵa ntchito yake amamgoneka chagada pa mphasa, namuuza kuti agunditse chibwano pachifuwa, kenaka amenye mphasayo ndi manja onse aŵiri. Maŵa lake n'chimodzimodzi, mkuja n'chimodzimodzinso. Ana ena amagwa mphwayi nasiya, ndipo makolo ena amadandaula kuti ndalama zao zikupita pachabe, pakuti mwana akungophunzira kugwa, chinthu chimene ngakhale khanda lophunzira kuyenda limachidziŵa. Ine ndidaphunzira maseŵera ameneŵa pa unyamata wanga, ndipo pambuyo pake ndidathandizako kuphunzitsa ana kwa zaka zingapo. Ndifuna kukambirana nanu, makolo anzanga, chifukwa chake ndimakhulupirira kuti milungu yotopetsa imeneyo ndiyo imasunga moyo wa mwana.

Judo idayamba ku Japan m'chaka cha 1882. Woiyambitsa, Jigoro Kano, adabadwa m'chaka cha 1860, ndipo ali mwana adali wochepa thupi, kotero kuti anzake ankamuvutitsa kusukulu. Kaamba ka ichi adaphunzira jujutsu, luso lakale la ankhondo lolimbana ndi mdani popanda chida. Koma Kano adali mphunzitsi wa sukulu, ndipo adaona kuti luso limene limapundula ophunzira ake silingapite patali. Atatsegula sukulu yake ya Kodokan m'chipinda cha mphasa 12 zokha, pa kachisi wa Eishoji mu mzinda wa Tokyo, adapatula njira zoopsa, monga kumenya ndi kuponda m'malo osalimba a thupi, naziika m'zochita zimene anthu aŵiri amagwirizaniratu, zotchedwa kata. M'kulimbana kwaufulu, kumene amati randori, adasiyamo zokhazo zimene munthu angachite ndi mphamvu zake zonse mnzake n'kudzuka bwinobwino. Ziphunzitso zake zazikulu zidali ziŵiri: kugwiritsa ntchito mphamvu mosaononga, ndi kupindula pamodzi, iwe ndi mnzako yemwe. Chachiŵirichi ine ndimachimva motere: mnzako akakubwereka thupi lake kuti uphunzirirepo, uyenera kum'bwezera monga lidaliri.

Kugwa kumene amaphunzitsa, kotchedwa ukemi, kuli ndi nzeru zake. Munthu aliyense akaterereka amatambasula dzanja kuti adzitchinjirize, ndipo thupi lonse limatsamira pa mfundo imodzi yaing'ono. N'chifukwa chake ambiri amathyoka mkono pafupi ndi chikhatho, kapena fupa la pakati pa khosi ndi pheŵa. Wa judo amaphunzira kutaya chizoloŵezi chimenechi. Amapinda msana ngati uta, amagunditsa chibwano pachifuwa kuti nkhongo isafike pansi, amatulutsa mpweya, ndipo amamenya mphasa ndi mkono wonse kuti mphamvu ya kugwako imwazikane pa malo aakulu. Amayamba ali chigonere, kenaka ali chikhalire, kenaka atanyonyomala, kenaka ali chiimire, ndipo potsiriza akuyenda. Mphunzitsi wathu ankaima pambali akumvetsera ndi khutu. Ankati kugwa kwabwino kumalira kamodzi kokha, phaa! Akamva kulira kaŵiri ankadziŵa kuti chigongono kapena mutu wafikanso pansi, ndipo ankam'bweza mwanayo ku chiyambi, ngakhale akhale wa lamba wapamwamba. Kuthamanga sikufika.

Phunziro lachiŵiri ndi lobwerezabwereza, lotchedwa uchikomi. Aŵiri amagwirana pa kolala ndi pa mkono wa malaya. Mmodzi amakoka mnzake kuti apendekeke, naloŵetsa chiuno chake, namtukula pang'ono, koma osamgwetsa, amabwerera, nayambanso. Khumi kumanja, khumi kumanzere, kenaka n'kusinthana. Pamene ndidayamba kuphunzitsa ndidaona kuti mwana akatopa amaleka kupinda maondo nayamba kukoka ndi msana, ndipo thupi limasunga chilichonse chimene labwereza, chabwino ndi choipa chomwe. Motero ndinkakondwera ndi maulendo 20 ochita bwino kupambana 100 a mwana wotopa. Pofika pogwetsana zenizeni, malamulo athu adali atatu. Wogwetsa asataye mkono wa malaya a mnzake, koma aukokere m'mwamba kuti mutu wa mnzakeyo usagunde pansi. Watsopano asagwirane ndi womposa kwambiri msinkhu, pokhapokha wamkuluyo akhale wodziŵa kudziletsa. Ndipo munthu akagogoda kaŵiri pa mphasa kapena pa thupi la mnzake, kusonyeza kuti wagonja, amasulidwe nthaŵi yomweyo, popanda kufunsa kapena kumseka.

Komabe walira mvula walira matope. Ngakhale pa malo osamala chotani, kuvulala kumafika. Ine kudandipeza m'chaka changa chachitatu. Mphasa zathu zidali zakale, ndipo tsiku lina ziŵiri zidatalikirana, phazi langa n'kuloŵa pampatapo pamene mnzanga ankanditembenuza. Bondo lidapotoka. Dokotala adati mtsempha watanuka koma sudaduke, nalamula kuti ndikhale milungu 6 osaseŵera. Kuŵaŵa kwa bondolo kudali kochepa poyerekeza ndi kwa mumtima. Anzanga ankapita patsogolo ine ndili pakhomo, ndipo mnzanga uja ankandizemba m'njira chifukwa cha manyazi. Mphunzitsi adatuma uthenga kuti ndifike, nati, "Iwe, uzibwera ndithu. Uvale malaya ako, ukhale apo. Lavulala ndi bondo, maso ako ali bwino." A ku Japan ali ndi dzina la phunziro limeneli, amati mitori geiko, ndiko kuphunzira mwa kupenyerera. Milungu imeneyo ndidayamba kuona chimene sindinkachiona ndili mkati, kuti munthu amagwa pa kanthaŵi kamene akusamutsa kulemera kwake kuchoka pa phazi lina kupita pa linzake. Mphunzitsiyo adalamulanso kuti mnzanga uja ndiye azindiperekeza kunyumba, ndipo nditachira ndiye adakhala woyamba kugwirana nane. Lero ndimazindikira kuti ankachiritsa anthu aŵiri.

Tsono makolo ayenera kusiyanitsa zoŵaŵa. Pali kuphwanya kwa thupi kumene kumadza tsiku lotsatira munthu akagwira ntchito yolemetsa, monga titayamba kulima. Kumeneku kumatha kokha pa masiku oŵerengeka. Koma palinso kuŵaŵa kobaya, kwa pa malo amodzi, kodza ndi kutupa, kumene mwana amalephera nako kuponda kapena kukweza mkono. Kotereku n'kofunika kuleka maseŵera pomwepo. Mwana wobinya apumitse chiŵalocho, aikepo nsalu ya madzi ozizira kapena madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 kapena 20, amange bandeji mosathinitsa, ndipo achikweze pamwamba pogona. Kwathu kuno timakonda kuthoŵa ndi madzi otentha ndi kukoka mwamphamvu, koma pa masiku aŵiri oyamba zimenezi zimaonjezera kutupa. Kutupa kukayamba kuchepa, kuyendetsa chiŵalocho pang'onopang'ono kumathandiza kuchira kupambana kungogona. Tikumbukirenso kuti mafupa a ana amakulira pafupi ndi mfundo, ndipo pamenepo mposalimba, kotero kuti chooneka ngati kubinya chikhoza kukhala kuthyoka. Mwana amene sakuponda apite kuchipatala.

Choopsa koposa ndi mutu, pakuti bala lake silioneka. Mutu ukagwedezeka mwadzidzidzi, timitsempha ta magazi ta pakati pa ubongo ndi chokutira chake tikhoza kuduka, magazi n'kumaunjikana mkati mwana akuyenda ndi kuyankhula. Ryo Uchida, wofufuza wa ku yunivesite ya Nagoya, adaŵerengera kuti pakati pa 1983 ndi 2011 ana a sukulu oposa 100 adamwalira ku Japan pa ngozi za judo. Ambiri adafa ndi kuvulala kwa mutu, ndipo ambiri adali oyamba kumene, osadziŵa kugwa. Ku France, kumene oseŵera judo olembetsa ngochuluka kupambana ku Japan komwe, imfa zotere sizimveka kaŵirikaŵiri. Kumeneko lamulo la m'chaka cha 1955 lidakhazikitsa kuti aphunzitsi a judo azikhala ndi chiphaso chovomerezeka ndi boma. Nkhaniyi itaululika, bungwe la judo la ku Japan lidayamba kupereka ziphaso kwa aphunzitsi m'chaka cha 2013, ndipo imfa zidachepa. Ku Taichung, m'dziko la Taiwan, mu April 2021, mnyamata wa zaka 7 adagwetsedwa maulendo 27 tsiku limodzi. Adadandaula mutu, adasanza, koma mphunzitsi wake, amene adalibe chiphaso, adati akunamizira. Mwanayo adakomoka, namwalira mu June chaka chomwecho. Mwana wogunda mutu akamva chizungulire, akasanza, akasokonezeka kapena akayamba kusinza, asabwererenso pa mphasa tsiku limenelo, athamangire naye kuchipatala, ndipo asayambenso kufikira dokotala atalola. Kugunda kwachiŵiri koyamba kusanapole ndiko kumapha.

Nanga n'chifukwa chiyani ana amabisa zoŵaŵa zao? Mwina n'chifukwa cha nkhani zimene ife akulu timawasimbira. Pa mpikisano wa Olimpiki wa ku Los Angeles m'chaka cha 1984, Yasuhiro Yamashita wa ku Japan adang'ambika mnofu wa katumba wa mwendo wamanja, koma adapitirira akutsimphina mpaka adapata mendulo ya golide. Ku Barcelona m'chaka cha 1992, Toshihiko Koga adavulala bondo lamanzere pokonzekera ndi mnzake Hidehiko Yoshida kutangotsala masiku pang'ono, adabayidwa mankhwala oletsa ululu, napambana iyenso. Nkhani zimenezi n'zoona ndipo n'zogwira mtima. Koma anthuŵa adali akuluakulu, madokotala ali pambali pao, pa tsiku limene adalikonzekera moyo wao wonse. Mwana wa zaka 10 madzulo a Lachiŵiri sali pa Olimpiki. Ine posimba nkhani ya 1984 ndinkakonda kuwauza ana za munthu winayo, Mohamed Ali Rashwan wa ku Egypt, amene adagonja pa ndime yomaliza, koma adalandira mphotho ya ulemu pa chifukwa chakuti sadafune kupezerapo mwai pa mwendo wovulala wa mnzake. Ndinkawauzanso kuti m'chaka cha 1980 Yamashita yemweyo adathyoka mwendo atakoledwa ndi njira yotchedwa kani basami, ndipo akuluakulu a judo adailetsa njirayo pa mipikisano. Kunena kuti "ndavulala" ndiko kumakonza maseŵera. Mbeŵa ya manyazi idafera kuuna.

Maseŵera ameneŵa adafika kale kwathu kuno. Bambo Jude McKenna, wansembe wa chipani cha Capuchin wochokera ku chilumba cha Ireland, adathera zaka zambiri akuphunzitsa judo ku Zambia, ndipo boma la Japan lidawapatsa ulemu wa Order of the Rising Sun m'chaka cha 2019. Harriet Bonface adaimira Malaŵi pa judo pa Olimpiki ya ku Tokyo m'chaka cha 2021. Tsono ana athu, anyamata ndi atsikana omwe, adzapitirira kutipempha kuti tiwalole, kaya ndi judo, karate kapena nkhonya. Ine sindikuti muwakanize iai. Pempho langa ndi lakuti musanalole, mupite nokha mukakhale pambali madzulo amodzi. Mukaponde pamene anawo amagwera, muone ngati mphasa zake n'zokwanira ndi zogwirana bwino. Muone ngati atsopano akuphunzitsidwa kugwa paokha, kapena angoponyedwa pakati pa akuluakulu. Mufunse aphunzitsiwo kumene adaphunzira, ndi chimene amachita mwana akagunda mutu. Wodziŵa ntchito yake sakwiya ndi funso lotere. Koposa zonse, muyang'ane chimene chimachitika mwana akalira. Ngati aphunzitsi aimitsa onse nagwada kuti amuone, malowo ngabwino. Koma ngati amkalipira kuti ngwamantha, kapena agwiritsa ntchito kugwetsa monga chilango, mtengeni mwana wanu mupite naye kunyumba, ndipo muwachenjezenso makolo anzanu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ana ambiri amene ndidawaphunzitsa sadapate mendulo, ndipo ambiri adaleka atakula. Koma onse amakwera njinga m'miseu yokumbika, amatsika pa malole, amayenda pa matope nyengo ya dzinja, ndipo tsiku lina adzakalamba, pamene kugwa kumodzi kumatha kumgoneka munthu pa mphasa miyezi yambiri. Ine ndemwe maondo anga sandilolanso kugwirana ndi munthu, ndipo njira zambiri zogwetsera ndidaziiŵala. Koma chaka chatha ndidaterereka pa mtsetse wa ku munda nditasenza khasu, ndipo ndisanaganize kanthu chibwano chidapita chokha pachifuwa, mkono n'kumenya pansi kamodzi. Ndidadzuka ndi matope okha. Mwana wanu akabwera kunyumba akudandaula kuti mwezi wonse akungophunzira kugwa, muuzeni kuti apirire, wapeza mphunzitsi wabwino.