Lipoti lokongola, nyumba yozizira

Ine ndinabadwira ku England, makolo anga ndi ochokera ku Malawi, ndipo ndimagwira ntchito ku kampani ina yosamalira nyumba zalendi. Chaka ndi chaka ndimathandiza kulemba lipoti losonyeza mmene kampani yathu ikusamalira chilengedwe. Amayi anga akafunsidwa za ntchito yanga amangoti, "Amawerenga utsi." Ndipo sanama ayi.

Mmene zimakhalira ndi motere. Kuyambira mu April 2019, makampani akuluakulu a ku Britain amakakamizidwa ndi lamulo kuulula magetsi ndi gasi amene agwiritsa ntchito, komanso mpweya wa kaboni umene atulutsa. Mpweyawu timaugawa patatu. Scope 1 ndi zimene kampani yawotcha yokha, monga gasi wa m'maboila ake. Scope 2 ndi magetsi amene yagula. Scope 3 ndi zina zonse: simenti ndi zitsulo zomangira, ndiponso moto umene alendi amayatsa m'nyumba zawo. Pa nkhani ya nyumba, gawo lachitatuli nthawi zambiri ndiye lalikulu, koma ndi lomwenso limavuta kuliwerenga, chifukwa bilu imapita kwa mlendi, osati kwa mwini nyumba.

Apa mpamene pagona nkhani yanga. Tiyerekeze nyumba ziwiri. Yoyamba ili ndi makoma osunga kutentha ndi mawindo a magalasi awiri, ndiye imadya gasi wochepa. Yachiwiri ndi yakale, mphepo imalowera pansi pa chitseko, koma nayonso imadya gasi wochepa, chifukwa banja lokhalamo limaopa bilu. Limazimitsa hita n'kuvala majuzi awiriawiri. Pa tchati changa nyumba ziwirizi zikhoza kuoneka chimodzimodzi. Nambala yatsika, mabwana akuwomba m'manja, pamene wina akugona atavala chipewa.

Nyumba yachiwiriyo ndimaidziwa bwino, poti ndinakulira momwemo. Bambo ankagwira ntchito usiku, ndalama ina ankatumiza kumudzi, ndiye hita inkayatsidwa madzulo okha, kwa kanthawi kochepa. M'mawa mawindo ankachita thukuta, kuseri kwa kabati kunkamera chuku chakuda. Amayi ankapukuta ndi nsanza, mawa lake chabweranso. Akadandaula, alandilodi ankati vuto ndi lathu, eti timaphika kwambiri, timayanika zovala m'nyumba. Nanga mu January mungayanike kuti?

Chuku si nkhani yamasewera. Mu December 2020, mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale, ndipo mu 2022 wofufuza za imfa anagamula kuti chinamupha ndi chuku cha m'nyumba imene banja lake linkachita lendi. Lero kuli lamulo lotchedwa Awaab's Law, lokakamiza eni nyumba za makhonsolo ndi za mabungwe kukonza mavuto otere mu nthawi yoikika.

Sindikunena kuti malipotiwa ndi achabechabe. Popanda iwo, sitikanadziwa n'komwe kuti ndi nyumba ziti zimene zikuwononga. Anthu oika ndalama m'makampani amawawerenga, ndipo ambiri amayerekeza makampani pogwiritsa ntchito mapointi a GRESB, imene inayamba mu 2009. Mapointi akatsika, mabwana amatekeseka, ndipo ndalama yokonzera denga imapezeka msanga. Kungoti lipoti limayankha funso lokhalo limene lafunsidwa. Likafunsa za kaboni, limanena za kaboni. Silinganene ngati agogo a pa nambala 14 akutenthedwa, pokhapokha wina atafunsa.

Ndiye ku ofesi ndimalimbikira chinthu chimodzi: pambali pa nambala ya kaboni tiikepo chiwerengero cha madandaulo a chinyontho, ndi masiku amene tinatenga kuti tikonze. Ena amandiona ngati wovuta. Zilibe kanthu.

Inunso mukhoza kuchitapo kanthu. Ngati muli ku England kapena ku Wales, nyumba yalendi imayenera kukhala ndi chiphaso cha EPC, chimene chimaipatsa giredi kuyambira A mpaka G ndipo chimagwira ntchito zaka 10. Kuyambira mu April 2020, n'kulakwira lamulo kuchititsa lendi nyumba yokhalamo anthu ya giredi F kapena G, pokhapokha mwini wake atalembetsa chifukwa chovomerezeka. Lowani pa gov.uk, lembani postcode, muona giredi ya nyumbayo kwaulere.

Makolo athu ambiri sakonda kudandaula. Amati mlendo sakweza mawu. Koma ife tinabadwira konkuno, mafomu timawadziwa. Lamlungu likubwerali mukapita kukadya nsima kwa amayi, mukayang'ane kuseri kwa kabati, kenako muwafunse mwaulemu kuti, "Amayi, kodi hita munayatsa liti?"