Za Chinguluwe ndi Thonje Lake

Wokondedwa mphwanga,

Popeza unandifunsa chifukwa chimene anthu a ku Chinguluwe, ngakhale amamwa chitsime chimodzi, aliyense amatchula kwawo kwina, ndaona kuti nkoyenera ndikulembere mofatsa, pakuti mawu a akulu amakoma akagonera.

Dziko lathuli lagona m'chigwa, pakati pa mapiri a ku Dowa kumadzulo ndi nyanja kum'mawa, ndipo mitsinje yotsika kumtunda, monga Linthipe ndi Lingadzi, yakhala ikutula dothi m'chigwamu chiyambire kalekale, kufikira tinalandira makande aja amene amang'ambika m'chilimwe ndi kukakamira khasu m'dzinja. Kutentha kumene mlendo amadandaula nako ndiko kumene thonje limakonda. Usamvere amene amati mbewuyi inadza ndi Azungu, pakuti makolo athu Achewa ankalima thonje ndi kuomba nsalu zawo mzungu asanaponde kuno.

Chimene atsamunda anadza nacho ndi sikelo ndi njanji. Sitima ya pamtunda itafika ku Salima mu 1935, katundu amene ankatulukira pa doko la Domira Bay anatembenukira ku siteshoni, ndipo tauni inamera pomwepo.

Koma Chinguluwe amene iwe ukumudziwa anabadwa dziko litalandira ufulu, pamene boma la Kamuzu Banda, mothandizidwa ndi dziko la West Germany, linayamba mu 1968 ntchito yotukula ulimi m'mbali mwa nyanja. Thengo linaswedwa, minda inapimidwa, ndipo anthu ochokera kutali, pamodzi ndi anyamata a Payoniya, anapatsidwa malo pa sikimu, nalandira pa ngongole mbewu ndi mankhwala opopera mbozi. Ndiwo agogo a anzako amene amatchula kwawo kwina.

Pano ndiyenera kunena chimene chimandiwawa mtima. Mlimi ankapalira, kupopera ndi kutola thonje lake dzuwa likuswa mtengo, nalisankha loyera palokha, lakuda palokha. Koma pofika pamsika, wogula anali mmodzi yekha, ndiye ADMARC, imene inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, ndipo mtengo unkadulidwa kutali ndi munda, ngongole nkuyembekezanso pakhomo. Ambiri anamanga nyumba zamalata ndi kuphunzitsa ana, sindikana. Koma thukuta lawo linaposa malipiro awo.

Ukabwera patchuthi, ndidzakuperekeza kwa okalamba amene anazula zitsa m'minda imeneyi, kuti udzamve pakamwa pawo. Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ine mkulu wako.