Imilila Bwino Kuti Ukafike Kunyumba

Anyamata ambili kuno ku Chawama amafuna kuphunzila kuponya nkhonya, koma ocepa cabe ndiwo amafunsa za mapazi. Ine ndimaona kuti kaimidwe ndiye koyamba, ngakhale kuti munthu wamba safunika zaka kuti akadziwe.

Ku karate kuli kaimidwe kamene amakacha kiba-dachi: umalekanitsa miyendo ndi kutsika ngati wakwela pa kavalo. Kamalimbitsa nchafu, koma yesa kuima conco m'kanjila ka matope utavala pata-pata, cola cili kumsana.

Akatswili ali ndi cifukwa cawo cothela zaka pa mapazi. Keith Mwila anatenga mendulo ya bronze pa Olympics ku Los Angeles mu 1984, ndipo Catherine Phiri anatenga lamba wa WBC ku Mexico mu 2016. Iwo amakumana ndi mnzawo wophunzitsidwa, pamalo osalala, pali lefali ndi belu. Iwe amene watsika minibasi usiku ulibe lefali. Cimene ufuna ndi kusagwa, cifukwa ukagwa mutu umamenya pansi, sungathawe, ndipo anthu amayamba kukuponda.

Mlongo wanga amagulitsa kumsika, amabwelela kutada. Zimene ndinamuonetsa ndi izi: mapazi atalikilane molingana ndi mapewa, phazi limodzi kumbuyo pang'ono, mawondo opindika pang'ono, cibwano pansi, manja otambasula patsogolo pa nkhope ngati ukuti "sindifuna ndewu". Kuonetsa kunatenga mphindi zocepa. Nchito yeniyeni ndi kubweleza. Madzulo ena ndimamukankha modzidzimutsa pabwalo, kutsogolo, kumbali, nthawi zina atanyamula beseni. Iye amaponda bwino, kundikankha, kukuwa, ndi kucoka. Sitipitilila mphindi 10.

Muyeso wanga ndi uwu: ngati mnzako angakukankhe kapena kukukoka dzanja iwe osagwa, ndipo ungasunthe kupita kumbali iliyonse popanda kupingasa miyendo, kaimidwe kako kakwana. Nthawi yotsala uigwilitse nchito pophunzila kuona ngozi ikali patali, kuyenda ndi anzako, ndi kuthamanga.

Ukakonda masewelawa, pita ukaphunzile kwa zaka, udzapindula. Koma wina akatulutsa mpeni, palibe kaimidwe kamene kangakuteteze. Mupatse foniyo. Ina udzagula ku City Market, ndipo amayi ako akukudikila ndi nsima.