Windows yalowa, netiweki yathawa

Sabata yatha a hedi a sukulu ina ya kumapiri a ku Dambe anatsika pa kabaza pakhomo pa shopu yanga pano pa Neno boma, laputopu ili yokulungidwa m'chitenje, fumbi lamsewu mpaka m'nsidze. Asanakhale n'komwe anati, "Amisiri, ndithandizeni. Pobwera ku Blantyre ndinaima pa Zalewa, mnyamata wina wandiikira Windows 11. Kukongola kokha ikukongola, koma intaneti kuyambira tsiku lomwelo zii." Ndinawafunsa kuti anamupatsa zingati. Anati K5,000, n'kuwonjezera kuti anawaikiramonso nyimbo zakwaya zaulere.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Chiyambireni kumveka kuti Windows 10 inasiya kulandira chithandizo pa 14 October 2025, aliyense amene ali ndi benchi, sipika ndi fulashi wasanduka injiniya. Anyamata omwe dzulo ankaika nyimbo m'mamemore lero akufomata makompyuta a anthu. Windows 11 imafuna makina okhala ndi TPM 2.0, ndipo malaputopu ambiri akale amene tili nawo kuno sakwanira, koma iwo anamva kuti pulogalamu ya Rufus imatha kudumphitsa mpanda umenewo, ndiye basi, chilichonse chobwera amachikankhira momwemo. Kudumphitsako sindikutsutsa, nanenso ndimachita mwini wake akamvetsa chimene akupempha. Chimene ndimadana nacho n'kupukuta disiki yonse usanaone zomwe zili m'katimo. Munthu akakweza Windows bwinobwino pamwamba pa yakale, amakhala ndi masiku 10 oti atha kubwerera mmbuyo zikavuta. Wofomata alibe kobwerera.

Zoyang'ana ngati airplane mode yayaka, ngati batani la Fn linadinika mwangozi, kapena ngati bandulo ilipo, sindingataye nazo nthawi pano. Ndingonena kuti ambiri obwera akulira kuti netiweki yafa amakhala kuti Windows yatsopanoyo yameza bandulo yonse usiku umodzi potsitsa ma update. Ukangoiuza kuti Wi-Fi imeneyo ndi metered connection, dyera limachepa.

Nkhani yeniyeni ndi driver. Ndikatchula liwuli makasitomala ena amaganiza za woyendetsa minibasi, ndiye ndimawauza kuti ndi womasulira. M'laputopu muli kakhadi ka Wi-Fi, kakang'ono ngati bokosi la machesi lophwatalala, ndipo Windows siyankhula nako popanda womasulira wake. Wofomata uja amapukuta womasulirayo limodzi ndi zonse, ndipo Windows yatsopano sibwera nthawi zonse ndi wa kakhadi kakale. Tsono msampha wake ndi uwu: kuti utsitse driver wa netiweki pamafunika netiweki. Anzathu a m'maofesi a ku Blantyre amangolumikiza waya wa pakhoma, nkhani yatha. Kuno waya wapakhoma uupeza kuti? Ine ndimatulutsa kafoni kanga ka Android kosweka galasi, kulumikiza ndi waya wa USB, kuyatsa USB tethering. Windows imakadziwa kafoniko yokha popanda kufunsa kanthu. Koma waya wake ukhale wonyamula data, osati aja a pamsika ongochaja basi. Ndinaonapo mnyamata akutuluka thukuta ola lathunthu chifukwa cha waya wa mtundu umenewo. Ndimayendanso ndi ma SIM awiri, ya TNM ndi ya Airtel, chifukwa m'mapiri muno chigwa chilichonse chili ndi khalidwe lake.

Ngakhale intaneti yapafoni itabwera, sikuti driver woyenera amangodzigwera. Apa ndi pomwe mmisiri amasiyanirana ndi woika nyimbo. Umatsegula Device Manager, umapeza pansi pa Other devices pali kanthu kolembedwa Network Controller, kali ndi kachizindikiro kachikasu. Dzina lenileni palibe. Wosadziwa amatembenuza laputopu, kuwerenga modelo pansi pake, n'kuyamba kutsitsa chilichonse chotchula modeloyo. Kulakwa kumeneko. Malaputopu a modelo imodzimodzi amatuluka ku fakitale ndi makhadi osiyana, ndipo athuwa ndi akaunjika, adutsa m'manja ambiri ku Joni kapena ku Dubai, wina anachotsamo khadi n'kuikamo lina kalekale. Cholembedwa pachikuto chimanama, khadi silinama. Umadina Properties, Details, n'kusankha Hardware Ids. Pamatuluka mzere woyamba ndi PCI, kenako VEN ndi manambala anayi, DEV ndi enanso anayi. VEN ndi mfunda wa khadilo, DEV ndi dzina lake. 8086 ndi Intel. 10EC ndi Realtek. 14E4 ndi Broadcom, 168C ndi Atheros, 1814 ndi Ralink. Manambala amenewa ndimawadziwa kuposa tsiku lobadwa la mlamu wanga. Ya a hedi inali 168C, ndipo ndisanatsitse n'komwe kanthu ndinadziwa kuti driver wake ndili naye kale pa fulashi yanga yofiira, wa Windows 10 wa 64-bit. Windows 11 ilibe ya 32-bit, choncho driver wa 32-bit ngakhale umunyengerere bwanji salowa, pomwe wa Windows 10 wa 64-bit nthawi zambiri amagwira popanda mkangano. Sindidalira setup yake ayi. Ndimadina Update driver, kuloza foda ndekha, kuti Windows itenge fayilo ya inf mwachindunji. Kachikasu kaja kanazimiririka, mayina a Wi-Fi n'kuyamba kundanda pakona.

Manambala aja sindinawaphunzire m'kalasi. Anandiphunzitsa ndi madala ena amene ndinakhala nawo zaka zitatu m'kashopu ka kuseri kwa sitolo ina ku Limbe, nthawi imene anthu ankachoka pa Windows XP kupita pa Windows 7, itangotuluka mu 2009. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda tiyi wothina wopanda mkaka, wailesi ili pakhutu tsiku lililonse timu ya Bullets ikamasewera, ndipo ikaluza Lolemba lake tonse tinkayenda monyang'ama. Anali ndi kope lachikuto cholimba, lakuda ndi mafuta a m'manja, mmene analembamo VEN ndi DEV ya khadi lililonse lomwe linadutsapo pa tebulo pawo. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kugwira kiyibodi. Ntchito yanga inali kumasula tizitsulo, kuziika m'chivindikiro cha botolo mwadongosolo, kupukuta fumbi ndi burashi yometera ndevu, kuwerenga khadi ndi maso n'kulemba m'kopemo. Tiwaya tiwiri ta eriyo, kakuda ndi koyera, anandibwerezetsa kutimanga kambirimbiri mpaka chala chinadziwa chokha kalikonse kakakhala pamalo pake. Ndikafulumira ankangoti, "Iwe mwana, kuona maso a nkhono n'kudekha," osatukula n'komwe mutu.

Tsiku lina iwo atapita kumaliro ku Thyolo, ndinadzimva ukatswiri n'kufomata kompyuta ya kasitomala ndisanasunge ma driver. Atabwera sanakalipe. Anamwa tiyi wawo, kenako anati, "Mphwanga, uli ndi ndalama ya nkhomaliro?" Ndinati eya, abwana. Anati ndikalipire ku intaneti cafe, ndisabwere popanda driver. Masiku amenewo fayilo imodzi inkatha kudya masana onse, ikafika chakumapeto n'kuduka. Ndinapita masiku awiri, osadya masana onse awiri, ndipo tsiku lachitatu m'mawa anatsegula kabati n'kutulutsa CD imene inali ndi driver yemweyo nthawi yonseyi. Anamwalira ndili kale kuno, ndipo kope lija ndinapempha kwa ana awo koma linali litasowa. Limandiwawabe.

Driver akalowa koma masamba osatsegukabe, zotsalazo n'zapafupi. Ukalemba ipconfig n'kuona adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwa kuti kompyuta sinapatsidwe adiresi ndi rauta kapena foni, yangodzipatsa yokha. Kawirikawiri netsh winsock reset ndi kuizimitsa n'kuyatsanso zimakonza. China chomwe chimapusitsa ambiri ndi tsiku: kabatire ka CR2032 kakatha, kompyuta imadzuka ili chaka china chakale, ndipo masamba otetezedwa amakana onse ngakhale netiweki ili bwinobwino. Ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno, chonsecho Nkula ndi Tedzani zili pompano pa Shire, makompyuta a pa desiki amadwala matenda amenewa kwambiri.

Tsono inakwana nthawi yoti a hedi aja alipire. Ndinatchula K15,000. A hedi anagwira pakamwa. "Amisiri, mphindi makumi awiri zokha? Mnyamata uja anagwira maola awiri pa K5,000!" Ndinawayankha mwaulemu kuti aphunzitsi, maola awiri aja ndi amene akutsitsani phiri lero, ndipo kabaza yokha yakudyerani kuposa pamenepo. Anthu athu amalipira thukuta lomwe aliona. Ukakonza msanga amati panalibe vuto, ukachedwa amati sudziwa ntchito. Palibe amene amawerengera bandulo yanga, lendi, kapena zaka zimene fulashi yofiira ija yakhala ikudzaza. Wina anandiuzapo kuti mwana wake wa Fomu 2 akanatha kukonza, ndinamubwezera laputopu yake osaitsegula.

Tinagwirizana pa K10,000 ndi ndowa ya mbatatesi ya ku Dambe imene ati aitumiza pa kabaza mwezi ukatha. Asananyamuke ndinatsegula Command Prompt, ndinalemba pnputil /export-driver, ma driver onse a m'laputopumo ndinawakopera m'foda, imodzi pa fulashi yawo, ina pa yanga. Ndinalemba 168C pa kapepala n'kukamata pansi pa laputopuyo ndi selotepi. Anandifunsa kuti nambalayo ndi ya chiyani. Ndinati akadzaimanso pa Zalewa adzamuonetse mnyamata uja, aone ngati adzaidziwe.