Galu wa ku Chembe ndi galu wanga

Mwezi wa Okutobala chaka chatha ndinatenga ophunzira 14 a kalabu ya zachilengedwe kupita nawo ku Cape Maclear. Sukulu yathu ili kumapiri cha ku Namwera, ndipo ngakhale tili m'boma lomweli la Mangochi, theka la anawo anali asanapondepo madzi a m'nyanja. Ndalama ya minibasi tinasonkha teremu yathunthu, ena pogulitsa zitumbuwa, ena pogwira ganyu.

Zomwe ndinakonza kukawaonetsa tinazionadi. Tinakwera boti kupita pachilumba cha Thumbi, pomwe ana ananyenyera buledi m'madzi, timbuna tamawangamawanga n'kumadyera m'manja mwawo. Woyendetsa boti anaimba mluzu n'kuponya nsomba, nkhwazi inatsika n'kuitola pamwamba pa madzi. Ine ndinawauza kuti Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsombazi, zomwe zambiri sizipezeka kwina kulikonse. Analemba m'makope. Koma nkhani yomwe tinabwera nayo kumudzi si imeneyo.

Dzuwa la kunyanja mwezi umenewu mukulidziwa. Titatsika m'boti tinathawira pakamalo kena ka tiyi ndi zakumwa m'mudzi wa Chembe. Pampando wabwino kuposa yonse panagona mphaka, ndipo palibe anamuthamangitsa. Pansi pa tebulo panali galu wamkazi wonenepa ndi tiana take tisanu. Alendo awiri achizungu anakhala pamchenga atanyamula tiagaluto ngati makanda, wina mpaka kukapsompsona pamphuno.

"Aphunzitsi, anthuwa mitu ikuyenda bwino?" anafunsa mnyamata wina wa Fomu 2. Tonse tinafa nacho chiseko, ine ndemwe. Kwathu mphaka ndi wogwira makoswe, ndipo akakhala wakuda n'kukumana naye usiku timamuganizira zina. Galu ndi mlonda, malipiro ake ndi mkute, moni wake ndi "choka!"

Mnyamata wogulitsa pamalopo sanakhumudwe. "Aphunzitsi, alendo ambiri sabwerera tiyi wathuyu ayi, amabwerera tiagaluti," anatero. Anatiuzanso kuti mlendo wina anamuuza zoti ku Japan kuli malo omwera khofi komwe munthu amalipira pa ola kuti angokhala ndi amphaka. Ndinaona ngati nthabwala, koma nditafufuza pafoni ndinapeza kuti n'zoona. Malo oyamba otere anatsekulidwa ku Taipei, m'dziko la Taiwan, mu 1998, ndipo mu 2004 anafika ku Osaka, ku Japan. Anthu ambiri kumeneko amakhala m'nyumba zalendi zomwe eni ake salola ziweto. Ndinafuna kusekanso, koma ndinakumbukira kuti ife tomwe tinali titangolipira boti kuti tikadyetse nsomba buledi, chikhalirecho kunyumba timamudya pa Khirisimasi.

Sipanapite nthawi, ana anga omwe ankasekawo anali pamchenga kulimbirana tiagalu. Mtsikana mmodzi yekha wa Fomu 3 anaima kutali, kumpanda, atagwirizira chikwama chake pachifuwa.

"Iwe, bwera, situluma iti," ndinamuitana.

Anapukusa mutu. Mnzake anandinong'oneza kuti ndimusiye, pali chifukwa. Ndinapita kukaima naye, ndipo patapita kanthawi anayamba kulankhula. Mlongo wake wamng'ono, wa zaka zisanu ndi ziwiri, analumidwa pamwendo ndi kagalu kakang'ono ngati tomweti. Bala linali laling'ono, analithira mchere, linapola. Patatha miyezi iwiri mwana anayamba kutentha thupi, kuchita dovu, kuopa madzi ngakhale ali ndi ludzu. Pomwe ankafika naye kuchipatala kunali kutachedwa.

Maliro amenewo ndinapitako. Pamaliropo anthu ankanong'onezana zoti mwanayo anachita kulodzedwa, ndipo ine, mphunzitsi wa Biology, sindinafunse kanthu. Chinali chiwewe.

Matendawa zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Koma nthawi isanakwane imeneyo angathe kupulumuka: kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba jakisoni, ngakhale bala likhale longokandika. A bungwe la WHO amati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi ku Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Amatinso agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufala. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu kuyambira 2015. Zonsezi ndinkazidziwa ngati zolemba pabolodi.

Mnyamata wogulitsa uja anamva nawo. Osanena kanthu analowa mkati n'kutuluka ndi timakhadi tokutidwa m'pulasitiki. Linalo linali la galu wamkulu uja, losonyeza kuti amabayidwa chaka ndi chaka. Enawo anali a tiana. Anawapereka kwa mtsikanayo ndi manja awiri. "Achemwali, onani nokha."

Anawerenga pang'onopang'ono, deti ndi deti. Ndinkayembekeza kuti akatha agwada n'kusisita kamodzi, ine n'kujambula chithunzi chabwino chokaonetsa ahedi. Sanatero. Anabweza makhadiwo, n'kundiyang'ana.

"Aphunzitsi, Poizoni wanu uja ali nalo khadi lotere?"

Poizoni ndi galu wanga. Ndimakhala m'nyumba ya pasukulu, ndipo ana oposa 300 amadutsa pakhomo panga tsiku lililonse, ena mwa iwo a kupulayimale. Galuyo ndinali nditakhala naye zaka zinayi. Amayenda usiku, amamenyana ndi agalu a m'mudzi, nthawi zina amabwera ndi mabala omwe sindidziwa komwe wawatenga. Alangizi a ziweto akalengeza za katemera pamsika, ine nthawi zonse ndinkakhala ndi mayeso oti ndichonge. Azungu aja ndinawaseka chifukwa chopsompsona galu wobayidwa, pomwe ine ndinkasunga wosabayidwa pakati pa ana a eni ake.

Sindinamuyankhe, ndipo ulendo wonse wobwerera, kudutsa mphambano ya ku Monkey Bay mpaka kuwoloka mlatho wa Shire pa Mangochi, ndinali duu.

Sabata yotsatira ndinamumanga Poizoni chingwe, chinthu chomwe anali asanachionepo. Anakana kuyenda, anadzigwetsa pafumbi, ndinachita kumunyamula panjinga m'dengu anthu akundiseka njira yonse mpaka kwa alangizi. Khadi lake ndinalikhoma m'kalasi, pambali pa tchati cha mafupa a munthu. Mtsikana uja analiona, anawerenga deti, n'kugwedeza mutu. Koma akamadutsa pakhomo panga amalambalalabe, kudzera kuseri kwa zimbudzi.